Mpando Wabwino ndi Uti? Mbiri ya Pokhala Oonerera ku Drury Lane

Madzulo a pa 15 Meyi 1800, Mfumu George III ya ku Britain inalowa m'kachipinda kake koonereramo masewero ku Theatre Royal, Drury Lane, mumzinda wa London. Khamu lonse linaimirira kupereka ulemu. Pakati pa khamulo panali James Hadfield, amene kale anali msilikali ndipo anatemedwa m'mutu ku nkhondo. Iye anakwera pa benchi, nasolola mfuti, n'kuwombera kumene kunali mfumu. Chipolopolo chinaphonya. Mfumuyo inakana kuthawa, inalamula kuti sewero liyambe, ndipo linachitikadi mpaka kumapeto. Bwalo la milandu litapeza kuti mutu wa Hadfield sunkagwira, anamutsekera mpaka imfa yake mu 1841.

Chimene chinachititsa kuti munthu wamba aione mfumu poyera chotere n'kamangidwe ka nyumbayo. Kachipinda ka mfumu kanali pambali penipeni pa siteji, pamaso pa aliyense, ndipo makandulo ankayaka nyumba yonse kuyambira poyamba sewero mpaka pothera. Amene anakamanga sankalabadira zoti mfumu ione bwino sewero. Cholinga chawo chinali chakuti anthu aione bwino mfumu. Lero tizipinda tam'mbali totere tikadalipo m'nyumba zambiri za zisudzo ku London, koma pa matikiti ake kawirikawiri amalembapo chenjezo loti wokhalamo saona siteji yonse. Malo apansi apakati, amene kale kunali mabenchi opanda choyedzamira, ndi amene masiku ano okonda masewero oimba amawalipirira ndalama zochuluka. Drury Lane yamangidwa kanayi pa malo amodzimodzi kuchokera mu 1663, ndipo mbiri yake imaonetsa momwe mipando inasinthanirana ulemu, komanso kuti kusinthako sikunabwere mwamtendere.

Nyumbayi isanakhaleko, anthu a ku London ankaonera masewero a William Shakespeare ku Globe, nyumba yamatabwa yopanda denga pakati, imene inatsegulidwa mu 1599. Chaka chomwecho mlendo wochokera ku Switzerland, Thomas Platter, analemba mitengo imene anaipeza m'nyumba za zisudzo za mumzindawo. Wolipira kobiri limodzi ankaimirira pabwalo lapakati, moyandikana ndi siteji. Wowonjezera kobiri lachiwiri ankapeza pokhala m'makonde ozungulira bwalolo, ndipo kobiri lachitatu linkamupatsa malo okhala ndi katsamiro. Choncho mmphawi ndiye anali pafupi kwambiri ndi ochita sewero, koma ankalipira ndi miyendo yake, ndipo mvula ikagwa inkayambira pa iye. Ku Blackfriars, nyumba yofolera imene gulu la Shakespeare linayamba kuchitiramo masewero cha m'ma 1609, zinthu zinali zotembenuka: oyandikira siteji ndiwo ankalipira zambiri, ndipo anyamata a ndalama ankawonjezera kenakake kuti akhale pa timipando pa siteji pomwepo, anthu aziona zovala zawo.

Nyumba ya Malamulo inatseka zisudzo zonse mu 1642, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Mfumu Charles II itabwerera pa mpando mu 1660, inapereka chilolezo chochita masewero kwa anthu awiri okha, Thomas Killigrew ndi William Davenant. Killigrew ndiye anamanga nyumba yoyamba ya ku Drury Lane, imene inatsegulidwa pa 7 Meyi 1663 ndipo munkalowa anthu pafupifupi 700.

M'katimo munali magawo anayi, ndipo gawo lililonse linali ndi mtengo wake ndi anthu ake. Ndalama zake zinali masheleni ndi makobiri, zomwe agogo a ku Malawi ndi ku Zambia akuzikumbukira bwino. Tizipinda tozungulira m'mbali tinali ta olemera, pa masheleni 4. Pansi pakati panali malo otchedwa pit, a mabenchi okutidwa ndi nsalu yobiriwira, pa masheleni 2 ndi makobiri 6. Khonde lapakati linali pa sheleni imodzi ndi makobiri 6, ndipo khonde lapamwamba kwambiri linali pa sheleni imodzi. Mu pit ndimo munkakhala olemba, ophunzira zamalamulo ndi anyamata odzimva kuti amadziwa sewero labwino, ndipo phokoso lawo linkatha kukweza kapena kugwetsa sewero usiku woyamba. Atsikana ogulitsa malalanje ankaimirira kutsogolo kwawo atafulatira siteji. Mmodzi wa atsikanawa anali Nell Gwyn, amene pambuyo pake anakhala katswiri wa zisudzo m'nyumba yomweyo. Pamwamba pa pit panali denga lamagalasi lolowetsa kuwala, popeza masewero ankayamba masana, koma linkadontha. Samuel Pepys, mkulu wa boma amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anasimba za tsiku limene matalala anabalalitsa anthu a mu pit sewero lili mkati.

M'zaka zoyambirirazo kachipinda ka mfumu kanali pakati, koyang'anizana ndi siteji. Chifukwa chake chinali luso latsopano lojambula zithunzi za kumbuyo kwa siteji, limene Inigo Jones anabweretsa kuchokera ku Italy kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Zithunzizo ankazijambula mwakuti msewu kapena nkhalango zizioneka ngati zikupita kutali, koma zinkaoneka zenizeni kwa munthu wokhala pakati penipeni basi. Mpando umenewo unali wa mfumu, ndipo ulemu wa nduna unkadziwika ndi kuyandikira kwake ku mpandowo. Patapita nthawi mafumu anasamukira pambali pa siteji, kusiya malo oonera bwino n'kusankha malo oonekera bwino.

Nyumba yoyambayo inapsa mu 1672, ndipo yachiwiri inatsegulidwa mu 1674. Pa mabenchi panalibe manambala. Wofika msanga ndiye ankakhala pabwino, ndipo zitseko zikangotsegulidwa anthu ankakankhana mpaka kung'ambirana zovala. Olemera sankalowa nawo m'chipwirikiti chimenechi. Ankatuma antchito awo masana kuti akawasungire malo, eni ake n'kudzafika atadya kale. Bwana akafika, wantchito ankasowa kopita, n'kumachita phokoso m'makhonde. Mu 1697 woyang'anira nyumbayo, Christopher Rich, anawatsegulira khonde lapamwamba kwaulere. Antchitowo analitenga khondelo ngati lawolawo, ndipo ankakuwa ndi kuponya zinthu pansi akakhumudwa ndi sewero. Pamene Charles Fleetwood anawatsekera khomo mu 1737, anabwera mazanamazana ndi zibonga, nathyola zitseko, mpaka akuluakulu a boma analowererapo ndipo ena anamangidwa. Anthu a m'khonde lapamwambali ankatchedwa milungu, chifukwa ankakhala pafupi ndi denga lojambulidwa mitambo, ndipo wochita sewero wanzeru ankayesetsa kuti asawapute.

Vuto lina linali pa siteji pomwepo. Mwambo wokhazika oonerera pambali pa ochita sewero unapitirira kwa zaka zoposa 100. Usiku umene ndalama zolowera zinkapita kwa wochita sewero mmodzi, monga mbali ya malipiro ake, ankamanga mabenchi pa siteji kuti anthu achuluke, moti mtsikana womwalira m'sewero ankagona pansi atazunguliridwa ndi alendo ovala zipewa. David Garrick, katswiri amene anayang'anira Drury Lane kuyambira 1747 mpaka 1776, ankadana ndi zimenezi. Anadziwa kuti anzake sangalole kutaya ndalama za mabenchiwo, choncho anayamba wakuza malo okhala oonerera mu 1762, kenako n'kuchotsa alendo onse pa siteji. Mu 1765 anachotsanso makandulo amene ankalendewera pamwamba pa siteji n'kutchinga maso a okhala m'makonde, ndipo kuwala kunayamba kuchokera m'mbali mobisika. Apa ndi pamene mzere wolekanitsa wochita sewero ndi woonerera unajambulidwa momveka.

Pa nkhani ya mitengo, Garrick anagonja. Kunali mwambo woti gawo lachitatu la sewero likatha, munthu ankalowa pa theka la mtengo, ndipo mwambowu unkathandiza amisiri ndi ogwira ntchito m'masitolo amene ankaweruka mochedwa. Atayesa kuuthetsa mu Januwale 1763, oonerera anaphwanya mabenchi ndi nyali, ndipo iye anabweza mawu ake.

Amene analowa m'malo mwa Garrick, Richard Brinsley Sheridan, anagwetsa nyumba yachiwiriyo mu 1791 n'kumanga ina yaikulu zedi, imene inatsegulidwa mu 1794 ndipo munkalowa anthu oposa 3,600. Ndalama zolowera zinachuluka, koma wokhala kutali sankamva mawu ndiponso sankaona nkhope. Ochita sewero anayamba kukuwa ndi kutambasula manja kwambiri, ndipo eni nyumba anatembenukira ku zinthu zimene diso lingaone patali: magulu a asilikali, nyumba zoyaka moto, madzi enieni pa siteji. Kukula kwa nyumba kunasintha mtundu wa masewero, ndipo kuyambira pamenepo Drury Lane inadziwika ndi zodabwitsa za pa siteji. Nyumbayi inali ndi chitseko chachitsulo chotchingira moto ndiponso matanki a madzi padenga, komabe inapsa yonse pa 24 Febuluwale 1809.

Chaka chomwecho ndi pamene nkhondo yaikulu ya mipando inachitika, pa mtunda wa mphindi zochepa kuchokera pa phulusa la Drury Lane. Nyumba ina yokhala ndi chilolezo cha mfumu, Covent Garden, nayo inali itapsa mu 1808, ndipo itamangidwanso inatsegulidwa pa 18 Seputembala 1809. Woyang'anira wake, John Philip Kemble, anakweza mtengo wa pit kuchoka pa masheleni 3 ndi makobiri 6 kufika pa masheleni 4, ndipo tizipinda anatikweza kuchoka pa masheleni 6 kufika pa 7. Choipitsitsa kwa anthu wamba chinali chakuti khonde lathunthu, limene kale aliyense ankatha kukhalamo, analigawa kukhala tizipinda ta mabanja olemera obwereka chaka chonse, ndipo okhala pamwamba anawapanikiza m'timabowo totsetsereka momwe ankangoona miyendo ya ochita sewero. Popeza Drury Lane inali itapsa, kunalibe kwina kopita. Oonerera anabwera ndi malipenga, mabelu ndi zikwangwani, atavala zilembo za O.P. pa zipewa, zofuna kuti mitengo yakale ibwerere. Ankapondaponda pa mabenchi mogwirizana mpaka mawu a pa siteji osamveka. Kemble analemba ntchito akatswiri a nkhonya, kuphatikizapo Daniel Mendoza, kuti azitulutsa ochita phokoso, koma izi zinangokolezera moto. Chipolowecho chinatenga mausiku 67. Mu Disembala Kemble anabweza mtengo wakale wa pit, analonjeza kuchepetsa tizipinda ta olemera, ndipo anapepesa pamaso pa anthu. Anthu aja sankamenyera makobiri 6 okha. Ankakana kuti nyumba imene ankaiyesa ya mzinda wonse igawidwe mokomera ochepa.

Nyumba yachinayi ya ku Drury Lane, imene ilipo mpaka lero, inatsegulidwa pa 10 Okutobala 1812, ndipo mmisiri wake anali Benjamin Dean Wyatt. Ili ndi chinthu chachilendo: masitepe akuluakulu awiri ndi tizipinda tachifumu tiwiri, mbali ina ya mfumu, ina ya mwana wa mfumu, ndipo zikwangwani zake zikuonekabe pamwamba pa makomo. Mu 1817 siteji inayamba kuunikiridwa ndi gasi, ndipo mu 1843 lamulo latsopano linathetsa mwayi wapadera wa nyumba ziwiri zija, moti nyumba zina zambiri zinayamba kupikisana nazo.

Zimene zibonga ndi malipenga zinateteza, mpando wofewa unadzalanda pang'onopang'ono. Kuyambira cha m'ma 1830, eni nyumba anayamba kuchotsa mizere yakutsogolo ya mabenchi a pit n'kuikapo mipando yokhala ndi choyedzamira ndi poika manja, yokhala ndi manambala, yogulidwa pasadakhale. Mipando imeneyi ndi imene pa tikiti imalembedwa kuti stalls. Chaka ndi chaka mizere yake inkawonjezeka, ndipo pit inkabwerera m'mbuyo mpaka inakathera mumdima kunsi kwa khonde loyamba. Sitima zapamtunda zinkabweretsa mabanja opeza bwino ochokera kunja kwa mzinda, anthu ofuna kudziwa mpando wawo asanachoke pakhomo. Mu Januwale 1880, Squire Bancroft ndi mkazi wake Marie anatsegula nyumba ya Haymarket ataichotseratu pit. Usiku woyamba anthu anakuwa mpaka sewero linachedwa kuyamba, koma ulendo uno eni nyumba sanabwerere m'mbuyo. Banjali linazunguliza siteji yonse ndi felemu yagolide ngati ya chithunzi chopachika pakhoma, ndipo chithunzi chimaoneka bwino kwa amene wachiyang'ana maso ndi maso, osati wochisuzumira cham'mbali.

Kenako nyali zinazima. Richard Wagner, potsegula nyumba yake ya ku Bayreuth m'dziko la Germany mu 1876, anaika mipando m'mizere yokwera yoyang'ana kutsogolo, anachotsa tizipinda tam'mbali, anabisa oimba zida pansi pa siteji, ndipo anadetsa malo a oonerera. Ku London, Henry Irving ankachepetsa gasi m'nyumba ya Lyceum sewero likayamba, ndipo mu 1881 Richard D'Oyly Carte anatsegula Savoy, nyumba younikiridwa ndi magetsi, amene amazima ndi kuyaka pa kanthawi kochepa. Carte yemweyo anaphunzitsa anthu a malo otchipa kuima pa mzere m'malo mokankhana pakhomo. Mdima unalanda tizipinda tam'mbali ntchito yake. Mayi wovala mikanda ya mtengo wapatali sankaonekanso kwa aliyense sewero likayamba, ndipo chimene chinamutsalira chinali kukhota khosi kuti aone theka la siteji.

Chitsulo nacho chinasintha zinthu. Makonde akale ankakhala pa mizati, ndipo munthu watsoka ankathera usiku wonse akusuzumira kuseri kwa mzati. Mu 1891 Carte anamanga nyumba imene lero imatchedwa Palace Theatre, momwe makonde ake amagwiridwa ndi zitsulo zochokera m'khoma popanda mizati yotchinga. Makonde anayamba kutalika n'kulowa m'kati, ndipo izi zinabala vuto latsopano limene likadalipo: khonde lililonse limakhala ngati denga kwa okhala kumbuyo m'munsi mwake.

Ngakhale zinthu zinkasintha chotere, tsankho la makomo linakhalapobe. Monga zimakhalira pa bwalo la mpira, pamene a pamthunzi ndi a padzuwa amalowera zipata zosiyana, anthu a khonde lapamwamba ankagula matikiti pa kawindo ka m'kanjira kam'mbali n'kukwera masitepe awoawo amiyala, osakumana ndi olemera. Masitepe amenewa nthawi zina ankasanduka msampha. Pa 5 Seputembala 1887 nyumba ya zisudzo ya mumzinda wa Exeter inapsa, ndipo anthu 186 anafa, ambiri mwa iwo a khonde lapamwamba limene linali ndi njira imodzi yokha yotulukira. Ngozi zotere ndi zimene zinakakamiza boma kukhwimitsa malamulo a makomo otulukira ndi chitseko chotchingira moto.

Mu 1922 m'kati mwa Drury Lane anamanganso mwatsopano, n'kukhala ndi malo apansi ndi makonde atatu pamwamba pake, ndipo posakhalitsa nyumbayi inasanduka kwawo kwa masewero oimba. Rose-Marie inabwera mu 1925, Show Boat mu 1928 ndi mawu a Paul Robeson, Oklahoma! mu 1947, kenako Carousel, South Pacific ndi The King and I. My Fair Lady, imene munali Julie Andrews ndi Rex Harrison, inayamba pa 30 Epulo 1958 ndipo inachitika maulendo 2,281. Miss Saigon inayamba mu Seputembala 1989 n'kutha mu Okutobala 1999, itachitika maulendo oposa 4,000.

Sewero loimba limafuna zinthu zitatu kwa mpando nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake kusankha pokhala kumavuta kuposa pa sewero longolankhula. Woonerera amafuna kuona nkhope ya woimba, amafuna kuona mapangidwe a ovina onse pamodzi, ndiponso amafuna kumva mawu osamizidwa ndi zida. Mzere woyamba umapereka nkhope ndi thukuta lomwe, koma siteji imakhala pamwamba pa maso, ndipo m'mphepete mwake mumabisa mapazi. Pa sewero ngati 42nd Street, limene linachitika ku Drury Lane kuyambira 1984 ndiponso kuyambira 2017, luso lonse lili m'mapazi a ovina ambirimbiri ogogoda pansi nthawi imodzi, ndipo amene ali kutsogolo kwa khonde loyamba amaona mizere yawo ikutseguka ndi kutsekeka. Magule amene Agnes de Mille anakonzera Oklahoma! nawonso anapangidwa kuti aoneke athunthu. Kumbuyo kwa malo apansi kuli vuto lina. Mu Miss Saigon helikopita inkatsika kuchokera pamwamba pa siteji, ndipo munthu wokhala kunsi kwa khonde amaona chinthu chotere mochedwa, chitatsika kale. Khonde lapamwamba kwambiri limaonetsa zonse, koma patali, anthu akuoneka pamutu.

Makutu nawo ali ndi mbiri yawo. Oimba a nthawi ya Show Boat ankadalira mphamvu ya chifuwa kuti mawu adutse pamwamba pa zida n'kukafika kumwamba. Masiku ano woimba aliyense amavala kamaikolofoni kobisika m'tsitsi kapena pa tsaya, ndipo katswiri wa zokuzira mawu amakhala pa tebulo lake kumbuyo kwa malo apansi, kukweza ndi kutsitsa mawu mzere uliwonse. Wokhala kutsogolo kwenikweni amamva ng'oma ndi malipenga kuchokera m'dzenje la oimba zida mwachindunji, nthawi zina kuposa mawu a nyimbo. Masabata omaliza okonzekera, wotsogolera sewero, wokonza magetsi ndi wokonza magule amakhala pa matebulo oikidwa pakatikati pa malo apansi, ndipo chithunzi chilichonse amachiweruza ali pamenepo. N'chifukwa chake mizere yapakati ya pansi, pamodzi ndi mizere yoyambirira ya khonde loyamba, ndiyo imaonetsa sewero momwe eni ake analionera polikonza.

Sewero lina limaphwanya lamuloli mwadala. The Lion King, limene lakhala likuchitika ku Lyceum kuyambira 1999, pafupi ndithu ndi Drury Lane, limayamba ndi mawu a Chizulu amene anakonza Lebo M wa ku South Africa, uku zinyama zopangidwa ndi Julie Taymor zikudutsa m'tinjira ta pakati pa oonerera kupita ku siteji. Pa sewero limeneli mpando wa m'mphepete mwa kanjira, umene njovu imadutsa pambali pake, ndi umene makolo obwera ndi ana amaufunafuna.

Nkhani ya mitengo sinathe ndi Kemble. Mu 2001 eni a sewero la The Producers ku New York anapatula mipando yabwino kwambiri n'kumaigulitsa pa madola 480 umodzi, ponena kuti ndalama zimene ogulitsa matikiti mwakatangale ankapeza zizipita kwa opanga sewero. Sewerolo linafika ku Drury Lane mu 2004, ndipo mchitidwe wa mipando yapadera unafalikira ku London konse. Lero mtengo wa mpando umodzi umasintha malinga ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ofuna. Koma palinso ena amene anakumbukira anthu a kobiri limodzi. Sewero la Rent litayamba pa Broadway ku New York mu 1996, mizere iwiri yakutsogolo inkagulitsidwa pa madola 20 tsiku lomwelo, mpaka achinyamata ankagona panja kudikira, ndipo mu 1997 anasintha n'kuyamba kuchita maere. Sewero la Hamilton linatengera njirayi ndi matikiti a madola 10 ku New York ndi mapaundi 10 ku London. Pa Leicester Square ku London pali kanyumba kamene kakhala kakugulitsa matikiti otsika mtengo a tsiku lomwelo kuyambira 1980. Mwa njira zimenezi wophunzira kapena wogwira ntchito ya malipiro ochepa amatha kukhalanso pamphuno pa siteji, ndipo ochita masewero amakonda oonerera otere chifukwa ndiwo amaseka ndi kuwomba m'manja ndi mtima wonse.

Andrew Lloyd Webber anagula Drury Lane mu 2000. Mu Januwale 2019 anaitseka n'kuikonza ndi ndalama zokwana mapaundi 60 miliyoni, ndipo inatsegulidwanso mu 2021 ndi sewero la Frozen. Okonzawo anakulitsa mipando, anawonjezera poika miyendo, anakonza kakhalidwe ka mizere kuti mutu wa mnzako usakutchinge, ndipo anaika chikepe kuti oyenda pa njinga za olumala ndi okalamba azifika m'magawo onse. Kuti zimenezi zitheke, mipando ina inachotsedwa. Nyumba ya Sheridan ya mu 1794 munkalowa anthu oposa 3,600, ya mu 1812 pafupifupi 3,000, ndipo itakonzedwa mu 1922 munatsala mipando yoposa 2,000. Lero mipando ya ku Drury Lane sikwana 2,000.